Amati ine ndimangothandiza kumunda

Funso lochokera kwa mayi wa ku Lusangazi, Mzuzu:

"Ndine mayi wa ana anayi. Kwathu ndi ku Dedza, koma ndinakwatiwa kuno ndipo tikukhala pamudzi pa apongozi anga. Tili ndi munda wa maekala anayi, kadimba kumtsinje ndi nkhuku khumi ndi ziwiri. Chaka chino bambo a kunyumba akufuna kuti ekala imene ndimadzalapo mtedza ndi nyemba alimepo fodya, ati zanga zija n'zamasewera, sizibweretsa ndalama. Ndimadzuka nkhuku zisanatsike, ndimagona onse atagona, koma pokamba za munda amati ine ndimangothandiza. Sindifuna ndewu. Banja langa ndimalikonda, ulimi ndimaukondanso. Kodi ndilolere? Nanga mawa iwo atatsogola, ine ndi anawa tidzaima pati?"

Yankho:

Mayi, kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo mawu amene andikhala pamtima ndi aja akuti mumangothandiza. Andipweteka chifukwa inenso ndinkaganiza chomwecho. Nditangoyamba ntchito ya ulangizi m'midzi yozungulira Mzuzu, ndikafika pakhomo ndinkafunsa kuti, "Eni munda alipo?" Mayi n'kundiyalira mphasa, n'kukaitana bambo, iwo n'kubwerera kumaphikiro. Ine ndi bambo tinkawerenga matumba a chimanga ndi mabelo a fodya, n'kulemba m'buku kuti banja ili lapeza zakutizakuti. Nkhuku, dimba, maungu, nyemba, mfutso wa m'chikwatu, zonsezo m'buku langa munalibe. Chonsecho ndi zimene banjalo linkadya kuyambira Januwale mpaka chimanga chitacha.

Ndiye yankho langa ndi ili: ekala yonseyo musailolere. Koma musayambe ndi kukana. Yambani ndi kuwerenga, chifukwa bambo akuti zanu n'zamasewera poti sanazionepo zitaunjikidwa pamodzi. Ndalama ya fodya imabwera kamodzi, yambiri, mudzi wonse n'kudziwa. Yanu imabwera ngati madzi a kasupe, lero ndowa ya nyemba, mawa tambala mmodzi, mkuja mitolo ya mpiru, ndipo imathera pa mchere, sopo, chigayo ndi makope tsiku lomwelo. Munthu sangathokoze chinthu chimene sachiona.

Ndikuuzeni zimene ndinaona pakhomo pena, m'mudzi umene sindiutchula. Tinakhala pabwalo ndi bambo, mayi ndi ana awo. Ndinapatsa bambo njere za chimanga 24, mayinso 24, njere iliyonse kuimira ola limodzi la tsiku. Ndinati aliyense aike njere pansi molingana ndi ntchito zimene amagwira kuyambira kudzuka mpaka kugona. Bambo anamaliza msanga, njere zawo zinakwana bwinobwino, zina n'kutsalira kucheza kumsika. Mayi anaika za kumjigo, za kusesa, za phala la ana, za kumunda, za kunkhuni, za nsima ya masana, za kudimba. Njere zinawathera m'manja asanatchule kuchapa ndi chigayo. Anayamba kuchotsa pa mulu wa tulo. Mwana wawo wamkazi ndiye anati, "Amayi, nanga mwana wakumbuyo uja mumuika pati, poti mumapalira naye?" Bambo aja sanayankhule kwa nthawi yaitali. Sindinganame kuti anasintha tsiku lomwelo, koma nditabwerako patapita miyezi ndinapeza thumba la kuchigayo likupita panjinga yawo, osati pamutu pa mayi. Alangizi a boma ali ndi njira yotereyi, amaitcha Household Approach, pomwe banja lonse limakhala pansi kukonza za chaka limodzi. Pemphani mlangizi wa dera lanu abwere adzakuchititseni. Mawu amene mwamuna sangawamve kwa mkazi wake, nthawi zambiri amawamva akaona yekha pansi.

Tsono tinene zoona za fodya, chifukwa bambowo sakulota. Fodya amagulidwa pa mtengo wa madola, ndipo kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense amene ali ndi banja akufunafuna mbewu imene ingathamangitsane ndi mtengo wa feteleza. Okushoni ili konkuno ku Mzuzu. Nkhawa yawo ndi yomweyo yanu, ana adye, ana aphunzire. Koma pali zinthu zimene sizilowa m'masamu a pabwalo la bawo. Ndalama ya fodya imafika msika ukatsegulidwa cha mu Epulo kapena Meyi, itachotsedwa kale ngongole ya zipangizo, mtengo wa mayendedwe ndi zina zodulidwa, ndipo imalowa mu akaunti ya amene dzina lake linalembetsedwa. Ntchito yake imayamba ndi nazale cha mu Seputembala, kuthirira m'mawa ndi madzulo, kenaka kuwokera, kupalira, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha, kudinda. Dzifunseni kuti wosoka masambawo adzakhala ndani. Ndi inu. Choncho bambo sakupempha ekala yokha, akupemphanso maola anu, omwewo amene mukuti sakukwana kale. Ndiponso kuno kwathu nyengo ndi ina. Fodya wa bale amauma ndi mpweya, pomwe ku Lusangazi mvula imachedwa kutha ndipo nkhungu ndi mawawa zimatha kukhala masiku angapo osachoka. Fodya akaolera m'chigafa, mtengo wake kumsika umagwetsa misozi. Zimene zimayenda ku chigwa cha Henga ku Rumphi sizingangoyenda chimodzimodzi pa mapiri anuwo. Akale anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo.

Ekala yanuyo ikugwira ntchito zitatu nthawi imodzi. Ikupatsani ndiwo, ikupatsani ndalama, ndipo ikudyetsa nthaka, chifukwa mizu ya mtedza, nyemba, soya ndi nandolo ili ndi timatuza timene timasiya chonde m'dothi. Chimanga chimene mungadzale pamalopo chaka chotsatira chimaoneka chokha kuti chadya. Si nkhani ya kutali iyi. Ku Ekwendeni, pafupi nanu pomwepa, bungwe la Soils, Food and Healthy Communities linayamba m'chaka cha 2000 pamodzi ndi chipatala cha kumeneko, ana atachuluka ogonekedwa chifukwa cha kunyentchera. Alimi anayesera kudzala nandolo ndi mtedza m'munda umodzi. Mtedza umakula msanga n'kukololedwa, nandolo n'kutsala akukula pang'onopang'ono, masamba ake akuyoyokera pansi, ndipo zotsalira zonse amazikwirira m'malo mozitentha. Chimene ndimachikumbukira kwambiri pa ntchito yawo n'chakuti anaona kuti kukolola mtedza wambiri pakokha sikunenepetsa mwana. Ngati bambo agulitsa wonse, kapena agogo aletsa kuti mwana asadye zakutizakuti, kapena mayi alibe nthawi yophika phala, mwana amakhalabe momwemo. Ndiye anayamba kuitana abambo ndi agogo kumisonkhano yokambirana ndi yophika limodzi. Vuto lanuli analiona kalekale.

Chenjezo limodzi pa nandolo: amacha mochedwa, nthawi imene anthu amasulira mbuzi ndi ng'ombe. Ngati pamudzi panu palibe lamulo la mfumu pa ziweto, mudzalimira mbuzi za eni. Chinanso, dothi lofiira la kuno nthawi zambiri limakhala lowawasa chifukwa cha kuchuluka kwa mvula, ndipo mtedza ukasowa laimu umabala makoko opanda kanthu m'kati. Ngati mwakhala mukuona zimenezi, funsani mlangizi za kuyezetsa dothi, poti malo a kafukufuku a Lunyangwa ali mumzinda momwemo. Nyemba ndiye zimakonda kuzizira kwathu kuno.

Ine ndikanakhala inu ndikanati, "Bambo, tiyeni tiyese chaka chimodzi. Theka la ekala fodya, theka mtedza ndi nyemba. Tigule kope limodzi, tilembe chilichonse cholowa ndi chotuluka mbali zonse ziwiri." M'kopemo mulembe ngakhale zimene mwadya. Mbale ya nyemba imene mwaphika ilembedwe pa mtengo umene mukanagulira ku Vigwagwa, dzira lililonse chimodzimodzi, nsinjiro chimodzimodzi. Mulembenso masiku amene munagwira ntchito mbali iliyonse, pa mtengo wa ganyu. Ndipo mugwirizane fodya asanafesedwe kuti ndalama yake ikadzabwera, choyamba kugulidwa n'chiyani. Pangano la ndalama limakoma ndalamayo isanafike. Ngati mwana wanu wamkulu amalemba bwino, kopelo lisungidwe ndi iye, kuti lisakhale buku la mayi lotsutsira bambo koma la banja. Ana asasoke fodya kapena kugwira masamba onyowa, chifukwa chikonga chimalowa pakhungu n'kuwadwalitsa mutu, chizungulire ndi kusanza.

Nkhuku zanu khumi ndi ziwirizo musazipeputse. Thadzi la chikuda limaikira mazira khumi kapena kupitirirapo, limafungatira masiku 21, ndipo likhoza kutero katatu pachaka. Chimene chimapha chuma chimenechi ndi chitopa, makamaka nyengo yotentha mvula isanagwe. Chitopa chilibe mankhwala. Tsabola, aloe ndi makapisozi a anthu sizichiza. Chimene chilipo ndi katemera wa I-2, dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, ngakhale mwanapiye, miyezi inayi iliyonse, ndipo amaperekedwa nkhuku zili bwino, osati zitayamba kuwodzera. Botolo limodzi limakwanira nkhuku zambiri, choncho gwirizanani ndi amayi anzanu muitane alangizi a ziweto tsiku limodzi. Nkhuku ya kumsika kapena ya mphatso muitsekere payokha kwa milungu iwiri isanasakanikirane ndi zanu. Anapiye muwatchingire ndi chitete masabata oyamba, poti kabawi ndi khwangwala amatha anapiye ochuluka kuposa mmene timaganizira. Ndaona amayi akugula mbuzi ndi nkhuku, ndipo mbuzi n'kudzagula malata.

Pali china chimene ndikupemphani ndi mtima wonse, chifukwa chimachitika m'makomo ambiri ndipo amayi amachichita pofuna kusamala. Posankha mtedza, wabwino umapita kumsika, wofota ndi wachuku umatsala wa nsinjiro za ana. Siyani zimenezo. Chuku cha mtedza ndi chimanga chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene saoneka, sathawa moto, amawononga chiwindi ndipo amakhudzana ndi kupinimbira kwa ana. Mtedza wachuku utayidwe, wabwino uyambe wapatulidwa wa pakhomo. Musawaze madzi makoko kuti afewe posenda. Muumitse pa thandala kapena pa mphasa, osati padothi. Chimanga nachonso kuno chimavuta kuuma. Tengani botolo louma, muikemo mchere wouma ndi njere zingapo, mutseke, mukhutchumule, mudikire pang'ono. Mchere ukamata m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume. Chikauma bwino mukhoza kusunga m'matumba a PICS, aja a mapulasitiki awiri m'kati ndi thumba lakunja, amene amapha anankafumbwe powamana mpweya popanda kuthira mankhwala. Ndipo werengani kuti thumba la makilogalamu 50 limatha masiku angati pakhomo panu, muwerengere chaka chonse, matumba amenewo akhale osakhudzidwa ngakhale venda atabwera ndi sikelo pakhomo mu Juni. Chimanga chogulitsa mu Juni ndi chomwecho mumakachigulanso mu Febuluwale pa mtengo wolira nawo.

Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Mwana akhoza kupinimbira ngakhale akudya nsima tsiku lililonse. Chimene amasowa ndi magulu ena aja mwa asanu ndi limodzi amene amatiphunzitsa kusikelo: za nyemba, za nyama, masamba, zipatso, mafuta. Yang'anani bwino muone kuti magulu amenewa amachokera kuti pakhomo panu. Amachokera pa ekala ija, kudimba ndi m'khola la nkhuku.

Za banki mkhonde ndinene mwachidule. Lowani gulu limodzi, la anthu owadziwa, ndipo mukongole za chinthu chobala monga mbewu kapena katemera. Kukongola gulu ili kuti mubweze gulu lija ndi dzenje.

Tsopano funso lanu lomaliza, limene ndikudziwa kuti ndi limene limakusowetsani tulo. Kwanu ku Dedza munda umayenda ndi mbumba, mwana wamkazi amalima pa malo a amayi ake ndipo mwamuna ndiye amabwera chikamwini. Kuno kumpoto, pakati pa Atumbuka ndi Angoni a ku Mzimba, malo amayenda ndi bambo, malowolo akaperekedwa mkazi amapita kwa mwamuna ndipo ana amawerengedwa a kuchimuna. Mayi wochokera kuchikamwini akabwera kuno amamva ngati waima pa mwala woterera. Mantha anuwo si opanda pake. Komanso ndisakunamizeni kuti mwambo wa kuno ndi wothamangitsa amasiye. M'mabanja ambiri mayi wamasiye amakhala pamudzi, kulima munda womwewo, kulera ana amene ndi eni malowo. Mavuto amabuka pamene panalibe kukambirana, ndipo mlamu wadyera wapeza mpata.

Malamulo ali kumbali yanu kuposa mmene amayi ambiri amadziwira. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa mkazi ufulu wokhala ndi katundu payekha kapena pamodzi ndi ena. Lamulo la za maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa mwambo, choncho simuli mlendo chifukwa choti simunapite kwa DC kapena kutchalitchi. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika mkazi ndi ana patsogolo mwamuna akamwalira osasiya wilo, limasiyira wamasiye katundu wa m'nyumba, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu woti munthu akhoza kumangidwa nawo. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola kuti malo otere alembetsedwe, ngakhale m'maina a anthu awiri, ndipo komiti ya malo ya m'mudzi iyenera kukhala ndi amayi osachepera atatu mwa mamembala asanu ndi mmodzi osankhidwa. Koma ndinene mosabisa kuti munda wa makolo umene sunalembetsedwe ndi wovuta kuposa njinga kapena ng'ombe, chifukwa abale ndi mfumu amakhala ndi mawu pamenepo. N'chifukwa chake nkhaniyi imakambidwa anthu ali moyo, akuseka, osati pa tsiku lomweta.

Mupeze tsiku mufunse bambo modekha kuti, "Bambo a ana, mawa n'kwa Mulungu. Mmodzi wa ife atachoka, anawa adzalima pati?" Mukaiika pa ana, ndi abambo ochepa amene amakana kumva. Apempheni anene pamaso pa makolo awo, abale awo ndi a mfumu kuti malire a munda wanu ndi awa, ndipo wolima ndi mkazi wanga ndi ana anga. Zilembedwe, mboni zisaine, pepala lina likhale kwa mfumu. Alembenso wilo. Kulemba wilo si kuitana imfa. Pa zimenezi ofesi ya Legal Aid Bureau ilipo ku Mzuzu, ndipo imathandiza anthu amene sangathe kulipira loya. Mufunsenso a mfumu ngati kulembetsa malo kunafika m'dera lanu. Pakadali pano khalani ndi zina zodziwika kuti n'zanu: nambala yanu ya Mpamba kapena Airtel Money imene chinsinsi chake mukuchidziwa nokha, buku lanu la kubanki mkhonde, ziweto zimene mudzi wonse ukudziwa kuti munagula ndinu. Ndipo kwanu ku Dedza musakutaye. Pitani kumaliro, tumizani kangachepe kwa amayi, malume anu adziwe ana anu ndi maina. Gawo lanu kumeneko limakhala lamoyo ngati nkhope yanu ikuoneka.

Apongozi anu aakazi musawaone ngati khoma. Iwonso anabwera pamudzipo ngati mtengwa, ndi kamtolo kawo, ndipo analera amuna anuwo ndi nyemba ndi nkhuku zomwezi. Apititseni mbale ya nyemba zoyamba, muwafunse mbewu imene ankadzala kale, muwafunse mmene ankasungira. Mayi wachikulire akanena kwa mwana wake kuti "munda wa ndiwo sautha", mawuwo amalemera kuposa anga ndi anu.

Mwanena kuti ulimi mumaukonda, ndipo ndakhulupirira, chifukwa munthu wosaukonda sawerenga nkhuku zake m'kalata. Koma thupi si khasu. Chitetezo mbaula chimadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu, ndiye maulendo a kunkhuni amachepa, utsi m'maso n'kuchepanso. Mvula ya kuno ndi yambiri, ngati nyumba ili ya malata tcherani madzi a padenga mu mgolo, miyezi ingapo mjigo muzingoupitira madzi akumwa. Anyamata anu aphunzire kusonkha moto ndi kutsuka mbale monga alongo awo, ndipo mtsikana asajombe kusukulu chifukwa cholera mng'ono wake nthawi yopalira. Mwana aliyense mumpatse thadzi lakelake, anapiye ake agule nsapato zake. Mwana amene wagwirapo ndalama yochokera m'khola saona munda ngati chilango. Ndipo tsiku la kwaya kapena la chigwirizano cha amayi musalisiye chifukwa cha ntchito, ntchito ya pamunda siinathepo chiyambire.

Nthawi ndiyo ikuthamanga. Nazale ikafesedwa mu Seputembala, kukambirana kumakhala kwatha, choncho nkhaniyi ikambidwe Ogasiti asanathe. Musaiyambe bambo atangofika kuchokera kutali, kapena pamaso pa abale awo, kapena mutakwiya. Sankhani madzulo mutadya, ana atagona. Musanatero, khalani pansi ndi mwana wanu wamkulu mukumbukire zonse zimene ekala ija, dimba ndi nkhuku zinabweretsa chaka chathachi, mwezi ndi mwezi, zogulitsa ndi zodya zomwe, mulembe pa tsamba loyamba la kope lija. Tsambalo muwapatse bambo awerenge okha, inu mukhale chete mpaka amalize.